Kuchoka pa Dothi Lozira Kufika pa Matailosi

Aphunzitsi anzanga ndi inu ophunzira anga akale, pansi pa nyumba palinso mbiri. Kuno ku Makhanga amayi athu ankazira pansi ndi dothi, ndipo pakauma sipankaterera. Kenaka kunabwera simenti yofiira yopaka Cobra, kenakanso matailosi onyezimira.

Ruo atasefukira mu Januwale 2015, komanso Freddy atatipeza mu Malichi 2023, nyumba zambiri zinagwa. Enanu mukumangira makolo zina zolimba, ndipo ndikukuyamikirani. Koma kuno madzi ndi matope sizichedwa kulowa m'nyumba, ndipo pa tailosi yosalala agogo akhoza kugwa n'kuthyoka chiuno, chipatala chachikulu chili kutali.

Choncho gulani matailosi okhakhala. Ayeseni ndi chala chonyowa musanalipire. Pokolopa chepetsani sopo, pukutani paume, ndipo polishi musapake.