Mbiri ya Kuyeza Magazi Polondoloza Mankhwala ndi Khansa

Funso limene odwala amatifunsa kawirikawiri ndi lakuti, "Ndikupeza bwino, nanga mukufuniranji magazi anga kachiwiri?" Yankho lake lili ndi mbiri ya zaka zoposa 70. Madokotala anaphunzira movutikira, nthawi zina odwala atamwalira, kuti mmene munthu akumvera m'thupi sizisonyeza kuchuluka kwa mankhwala amene ali m'magazi mwake, komanso sizitsimikiza kuti khansa yatheratu.

Tiyambire ku Australia. Mu 1949, dokotala wa matenda a maganizo John Cade, wa ku Melbourne, analemba za odwala 10 a misala yolusa amene anadekha atapatsidwa lithium. Wodwala wake woyamba anatuluka m'chipatala atakhalamo zaka zingapo, koma mu 1950 anamwalira lithium atachuluka m'thupi mwake. M'chaka chomwecho cha 1949, ku America anthu a vuto la mtima ankathira lithium chloride m'zakudya m'malo mwa mchere. Ena anamwalira ndipo boma linaletsa kugulitsa mcherewo. Vuto linali lakuti mlingo wochiza ndi mlingo wopha n'zoyandikana kwambiri, ndipo odwala sankayezedwa kuti zidziwike kuti mankhwalawo afika pati m'magazi.

Mu 1951, Noack ndi Trautner, a ku Melbourne komweko, anaonetsa kuti lithium angathe kuyezedwa m'magazi ndi makina otchedwa flame photometer, ndipo odwala awo ankamwa mankhwalawa popanda ngozi zakale zija. Ku Denmark, Mogens Schou ndi Amdi Amdisen anapitiriza ntchitoyi, ndipo kumeneko kunachokera lamulo lakuti magazi azitengedwa patatha maola 12 wodwala atamwa mankhwala omaliza. Lamuloli likugwirabe ntchito lero. Mlingo wofunika umakhala pakati pa 0.6 ndi 1.2 mmol/L, ndipo ukapitirira 1.5 wodwala amayamba kunjenjemera, kusanza ndi kudzandira. Popeza lithium amatuluka kudzera mu impso, kutsegula m'mimba, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena kumwa ibuprofen kungathe kukweza mlingowo ngakhale munthu sanawonjezere mapiritsi.

Nzeru yomweyi inafalikira ku mankhwala ena. Phenytoin, amene amaperekedwa kwa odwala khunyu, ali ndi khalidwe lakuti chiwindi chikafika polekezera pomuphwanya, kuwonjezera pang'ono pokha kumakweza kwambiri mlingo wake m'magazi. Gentamicin akachuluka amawononga impso ndi makutu. Digoxin, mankhwala a mtima, akapitirira amasokoneza kugunda kwa mtima womwewo.

Kumbali ya khansa, phunziro linali la mtundu wina: kusiya mankhwala msanga. Mu 1956, ku National Cancer Institute ku America, dokotala wochokera ku China Min Chiu Li, pogwira ntchito ndi Roy Hertz, anapereka methotrexate kwa amayi odwala choriocarcinoma. Imeneyi ndi khansa yochokera ku maselo a nsengwa, ndipo masiku amenewo inkapha pafupifupi aliyense ikafalikira ku mapapo. Khansayi imatulutsa hCG, homoni yomwe timaifufuza poyeza ngati mayi ali woyembekezera. Zotupa zinazimiririka pa X-ray, amayiwo n'kumaoneka athanzi. Koma Li anaona kuti hCG, amene nthawi imeneyo ankamuyeza mumkodzo, anali asanathe. Iye anati khansa ikadalipo mobisika, ndipo anapitiriza kupereka mankhwala mpaka hCG atatsikiratu.

Akuluakulu ake anaona ngati akuzunza odwala ndi mankhwala oopsa popanda chifukwa, ndipo mu 1957 anamuchotsa ntchito. Patapita nthawi zinaoneka kuti odwala amene anasiyitsidwa mankhwala zotupa zitangozimiririka khansa inkawabwerera, pamene amene anathandizidwa mwa njira ya Li ankachira. Aka kanali koyamba kuti khansa ya chotupa yofalikira m'thupi ichiritsidwe ndi mankhwala, ndipo mu 1972 Li analandira nawo mphoto ya Lasker.

Chimene chinali kusowabe ndi njira yoyezera tinthu tochepetsetsa m'magazi. Rosalyn Yalow ndi Solomon Berson, a pachipatala cha asilikali opuma ku Bronx mumzinda wa New York, anaipeza pamene ankafufuza za insulin. Mu 1960 anafalitsa njira yotchedwa radioimmunoassay, imene imagwiritsa ntchito ma antibody kugwira chinthu chimodzi chokha pakati pa zinthu zambirimbiri za m'magazi. Berson anamwalira mu 1972, ndipo Yalow analandira mphoto ya Nobel mu 1977. Makina ambiri a m'malabotale athu komanso tizipangizo toyezera HIV, malungo ndi mimba amadalira mfundo yomweyo ya antibody, ngakhale sagwiritsanso ntchito zinthu zotulutsa cheza.

M'zaka zotsatira zizindikiro za khansa za m'magazi zinapezeka motsatizana. Mu 1963, Garri Abelev wa ku Moscow anapeza AFP mu mbewa za khansa ya chiwindi, ndipo mu 1964 Yuri Tatarinov anamupeza mwa anthu. Mu 1965, Phil Gold ndi Samuel Freedman a ku Montreal anapeza CEA mu khansa ya m'matumbo aakulu. Mu 1981, Robert Bast ndi anzake anapeza CA-125 mu khansa ya m'matumba a mazira a amayi. Anthu anayembekezera kuti tsiku lina kuyeza magazi kamodzi kudzakwanira kudziwa amene ali ndi khansa ndi amene alibe.

Chiyembekezo chimenecho sichinakwaniritsidwe, ndipo nkhani ya PSA ikusonyeza chifukwa chake. Bungwe la FDA ku America linavomereza PSA mu 1986 kuti azilondolozera abambo amene anapezeka kale ndi khansa ya prostate. Mu 1994 linalola kuti azigwiritsidwanso ntchito pofufuza khansayo mwa abambo osadwala. Ambiri anachitidwa opaleshoni chifukwa cha khansa yokula pang'onopang'ono imene mwina sikanawavuta moyo wawo wonse, ena n'kutsala ndi vuto losatha kusunga mkodzo kapena kuchepa mphamvu m'banja. Mu 2012, gulu la akatswiri lotchedwa US Preventive Services Task Force linalangiza kuti kuyeza abambo mwachisawawa kuleke. Mu 2018 linasintha, n'kunena kuti bambo wa zaka 55 mpaka 69 azisankha yekha atakambirana ndi dokotala za ubwino ndi kuipa kwake.

Zizindikirozi zimakweranso pa zifukwa zina. PSA amakwera prostate ikakula ndi ukalamba kapena ikatupa. CEA amakhala wokwera mwa osuta fodya. AFP amakwera mwa mayi woyembekezera ndi mwa munthu wodwala hepatitis, pamene ena a khansa ya chiwindi amakhala ndi AFP wosakwera n'komwe. Kwa ife kuno, chofunika kukumbukira ndi CA-125, amene amakwera kwambiri mwa mayi wodwala TB ya m'mimba. Mayi wotupa mimba amene CA-125 wake ndi wokwera angakhale ndi matenda ochizika ndi mankhwala a TB. Chotsimikiza khansa zambiri ndi kudula kachidutswa ka chotupa n'kukaunika ku labotale.

Mbiri yonseyi ikutiphunzitsa kuti nambala ya m'magazi imakhala ndi tanthauzo lenileni tikaiyerekeza ndi ya ulendo wapitawo. Ambiri a ife mfundoyi timaidziwa kale kudzera m'kuyeza kuchuluka kwa kachilombo ka HIV mwa anthu omwa ma ARV: munthu wooneka wathanzi timamuyezabe pa nthawi yake. N'chimodzimodzi ndi mayi amene anali ndi mimba yotchedwa molar pregnancy, imene m'chiberekero mumamera timatuza tambirimbiri m'malo mwa mwana. Akatsukidwa, amafunika kuyezedwa hCG mobwerezabwereza mpaka atatsikiratu, ndipo amalangizidwa kulera pa nthawi yonse imene akulondolozedwa, chifukwa mimba yatsopano imakwezanso hCG n'kusokoneza zotsatira.

Ntchito yaikulu ili m'manja mwa anamwino, alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka m'midzi. Potenga magazi oyezera mankhwala, lembani nthawi imene wodwala anamwa komaliza ndi nthawi imene mwatenga magaziwo, pakuti popanda zimenezi zotsatira zingasocheretse dokotala. Funsani ngati akumwanso mankhwala ena, kuphatikizapo ogula okha ndi azitsamba. Zotsatira zikabwera, zilembeni m'kabuku ka chipatala ka wodwalayo pamodzi ndi tsiku lake, kuti amene adzamuone ulendo wina adzathe kuyerekeza. Kumene makina oyezera kulibe, dziwani zizindikiro za mankhwala ochuluka, monga kudzandira, kulankhula molemera lilime, kusanza ndi kusamva bwino, ndipo tumizani wodwalayo msanga kuchipatala chachikulu. Wodwala akaphonya tsiku loyezedwa chifukwa akuti wachira, mutsatireni kwawo, mukamufotokozere chifukwa chimene magaziwo akufunikira, ndipo mugwirizane naye tsiku lina lobwerera.