Nyumba za alendo za ku Venice pa nyengo ya Carnevale

Carnevale ndi chikondwerero chimene anthu a ku Venice, mzinda wa ku Italy womangidwa pa tizilumba, amachita Lenti isanayambe. Chimatha Lachiwiri usiku, kukacha n'kukhala Lachitatu la Phulusa. Dzinali limapezeka kale m'kalata ya mu 1094 ya Doge Vitale Falier, mtsogoleri wa mzindawo, ndipo mu 1296 boma linalamula kuti tsiku lotsiriza la chikondwererochi likhale la tchuthi. M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 nyengoyi inkayamba pa 26 Disembala, motero mlendo wodzaonera ankafuna pogona pa milungu ingapo.

Nyumba za alendo zinalipo chikondwererochi chisanatchuke kunja. Zinkalandira amalonda ndi Akhristu odikira zombo zopita ku Yerusalemu. Amalonda a ku Germany sankasankha okha pogona: lamulo linkawakakamiza kufikira ku Fondaco dei Tedeschi, pafupi ndi mlatho wa Rialto, kumene boma linkawerenga katundu wawo ndi kudula msonkho. Ena onse ankapita ku nyumba zotchedwa osterie, zomwe zinali pafupifupi 20, zambiri zitaunjikana ku Rialto ndi ku San Marco. Pansi pankagulitsidwa vinyo ndi chakudya, pamwamba pali zipinda, ndipo sizinali zachilendo kugona bedi limodzi ndi munthu wosamudziwa. Iliyonse inkadziwika ndi chizindikiro cholendewera pakhomo: Luna inali ndi mwezi, Cavalletto kavalo wamng'ono, Sturion nsomba. Chizindikiro cha Sturion chimaoneka pa chithunzi cha Rialto chimene Vittore Carpaccio anajambula m'ma 1490.

Boma silinkazisiya nyumbazi kuti ziziyenda zokha. Bungwe la Giustizia Nuova, lokhazikitsidwa mu 1261, ndilo linkapereka chilolezo ndi kuyang'anira malonda a vinyo. Kuyambira mu 1583 bungwe lina, Esecutori contro la Bestemmia, linapatsidwa ntchito yolemba alendo ofika mumzindamo, ndipo mwini nyumba wosunga munthu wosalembetsa ankalangidwa.  Pa Carnevale, mumsewu munthu ankavala bauta, chigoba choyera chophimba nkhope, pamodzi ndi chipewa ndi mkanjo wakuda, moti wolemera ndi wantchito wake sankasiyanitsika. Koma boma linkafunabe kudziwa kumene mlendo aliyense akagone ndiponso dzina limene analembetsa.

Chimene chinadzaza zipinda kwambiri chinali zisudzo ndi juga. Mu 1637 panatsegulidwa San Cassiano, nyumba yoyamba kumene aliyense wolipira pakhomo ankatha kuonera sewero loimba la opera, ndipo chaka chotsatira panatsegulidwa Ridotto, nyumba ya juga yovomerezeka ndi boma, imene inatsekedwa mu 1774 itasaukitsa mabanja ambiri apamwamba. Osterie sizinkakwanira, choncho mabanja wamba, makamaka amayi amasiye, ankachititsa lendi chipinda chimodzi kapena ziwiri. Olemba mbiri sawatchula kawirikawiri amayiwa, komabe oimba, ovina ndi antchito a alendo olemera ankadalira iwowo. Mafumu ena ankafikira ku Leon Bianco, m'mbali mwa ngalande yaikulu ya Canal Grande. Paul, mwana wa Catherine mfumukazi ya ku Russia, anagona kumeneko mu Januwale 1782 akuyenda ndi dzina lobisika. Khalidwe lotereli linali litadziwika kale mu Europe: m'buku la Candide la mu 1759, Voltaire anasonkhanitsa mafumu 6 olandidwa ufumu pa chakudya chamadzulo m'nyumba ya alendo ya ku Venice, onse atabwera kudzaonera Carnevale.

Napoleon atagwetsa boma la Venice mu 1797, chikondwererochi chinazilala kwa zaka pafupifupi 200. Alendo sanaleke kubwera, koma anayamba kufuna mahotela aakulu monga Danieli, imene inayamba mu 1822, ndipo sitima yapamtunda itafika mu 1846 anachuluka odzacheza masiku ochepa.

Carnevale inatsitsimutsidwa mu 1979, ndipo tsopano imatenga milungu iwiri kapena kupitirira pang'ono. Nyumba zing'onozing'ono zotchedwa locanda kapena pensione zimadzaza miyezi ingapo nyengoyo isanafike, mitengo itakwera. Lamulo la Italy limafunabe kuti mwini nyumba apereke maina a alendo ake kupolisi pasanathe maola 24. Chasintha ndi ichi: nyumba zambiri zomwe munkakhala mabanja zasanduka zogona alendo. Mu 1951 pakati pa mzinda wakalewu pankakhala anthu pafupifupi 175,000, koma mu 2022 anachepera 50,000. Ambiri mwa oyala mabedi ndi ophika m'nyumbazi amagona kumtunda, ku Mestre, n'kumalawirira pa basi kapena pa sitima.