Kama ndi Kakama

Ku Mayani, m'dziko la Mfumu Tambala, m'miyezi ya June ndi July kumazizira kotero kuti munthu wogona pansi amadzuka nthiti zitauma. Komabe makolo akale sanali kudziwa pogona pena koma mphasa ya bango, yoyalidwa pafupi ndi moto. Khanda linali kugona m'fungato la amace. Cogonera cacecace linalibe, ndipo popeza cinthuco panalibe, dzina lacenso panalibe.

Mau akuti kama ndi acilendo. Anacokera kwa Apwitikizi, amene m'cinenero cao amalemba cama. Anthu amenewa anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, nayamba kugula golidi ndi minyanga ya njobvu. Amalonda oyenda pakati pa Zambezi ndi dziko la Amaravi anabwera ndi nsaru ndi mikanda, koma anasenzanso katundu wina wosalemera pamutu, ndiye mau monga nsapato, kalata, mbatata ndi kama. Pamene Buku Lopatulika linaturuka m'caka ca 1922, nchito imene William Murray wa Misyoni ya Dutch anaitsogolera, mau a kama anali atazika kale mizu, kotero kuti omasulirawo anawalemba pambali pa mphasa monga Cinyanja ceniceni.

Pali msampha pamenepa umene umakola ana a sukulu caka ndi caka. Iwo aphunzira kuti ka- amacepetsa cinthu, monga kamwana, kanyumba, kampando. Tsono poona kama amayesa kuti mauwo ngocepa kale, nalemba kuti "kama kanga". Kumeneku nkulakwa, ngakhale kuti mwanayo waganiza ndithu, ndipo sayenera kukalipiridwa. Ka wa mu kama anabwera naye yekha kucokera ku Tete, monganso ka wa mu kalata. Kukadakhala kuti ndi wocepetsa, bwenzi zambiri zace zili "tima", mau amene palibe nkhalamba inawamvapo. Coyenera ndi kama wanga, makama anga. Wofuna kunena za cogonera ca mwana aonjezere ka wina: kakama kanga, timakama tanga.

Koma kakama sikanakhale m'kamwa mwa anthu nthawi yaitali. Amuna obwera ku Joni ndi ku Harare anafika ndi zogonera zacitsulo zimene anali kuzicha bedi, ndipo m'zipatala ndi m'sukulu zogonera komweko mau omwewo ndiwo anamveka. Mlendo wa Cingelezi anapitikitsa mlendo mnzace wa Cipwitikizi. Mayi wopita lero kwa mmisiri wa matabwa pa Mayani amati, "Bambo, mundikhomereko kabedi ka mwana." Akati kakama, mmisiri wacikulire adzamva, koma mnyamata wogwira cowawa adzayang'ana mbuye wace kuti amtanthauzire.