Mbiri ya kugawana nyimbo, mafilimu ndi intaneti popanda nthambo ku Mtsiliza

Luso lotumizirana nyimbo, zithunzi ndi mafilimu popanda nthambo lidalowa ku Mtsiliza kudzera pa foni ya m'manja, osati pa kompyuta. Ku Ulaya ndi ku America lusoli lidakulira m'nyumba zokhala ndi makompyuta awiri kapena atatu, omwe eni ake ankafuna kuti azilandira intaneti kuchokera pa nthambo imodzi. Ku Mtsiliza, dera lothithikana lomwe layandikana ndi Mtandire, Area 47 ndi Area 49 mumzinda wa Lilongwe, nyumba zotere zinali zosowa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko lonse pafupifupi theka la mabanja linali ndi foni, pomwe owunikira magetsi anali 11 okha mwa mabanja 100 aliwonse. Okhala ndi kompyuta ndiye anali ochepa kuposa pamenepo.

Mafoni a m'manja adayamba m'Malawi ndi kampani ya TNM, yomwe idakhazikitsidwa mu 1995. Celtel idatsatira mu 1999, ndipo idasintha dzina kukhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Mafoni oyambawo anali oyimbira ndi kulembera mauthenga basi. Nyimbo zinkayenda pa kaseti, ndipo oyimba ambiri ankagulitsa matepi awo kudzera kwa O.G. Issa wa ku Limbe. Wofuna nyimbo ya mnzake ankabwereka tepi n'kukajambula pa wailesi ya makaseti awiri.

Njira yoyamba yopanda nthambo inali ya infrared, yomwe mafoni ena a Nokia ndi Sony Ericsson anali nayo. Inali yovuta. Mafoni awiriwo ankayenera kuyang'anizana pafupi kwambiri, ndipo ina ikangogwedezeka, zonse zinkayambiranso poyamba. Bluetooth ndiyo idasintha zinthu. Akatswiri a kampani ya Ericsson ku Sweden adayamba kuikonza mu 1994, ndipo mu 1998 Ericsson, Nokia, IBM, Intel ndi Toshiba adagwirizana zoti zipangizo zawo zizimvana kudzera m'njirayi. Bluetooth imayenda pa mafunde a wailesi a 2.4 GHz, imafika mamita pafupifupi 10, ndipo siyilira mayunitsi kapena netiweki ya kampani iliyonse. Kwa munthu wodya za tsiku lomwelo, mfundo yomalizayi ndiyo inali yaikulu.

Bluetooth idafalikira m'makwalala a Lilongwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, pamene mafoni otsika mtengo ochokera ku China adadzadza m'misika. Anali a malaini awiri, olira mokweza, okhala ndi polowetsa memori khadi. Mafoniwa ankafuna nyimbo, ndipo apa ndi pamene kompyuta idapeza malo ake m'derali. Sinali ya pabalaza ayi, koma ya m'kashopu ka obena nyimbo.

Kashopu ka obena kankakhala ndi kompyuta imodzi ya kaunjika, sipika yaikulu pakhomo yoitanira makasitomala, ndi thabwa la masoketi lotchajira mafoni a anthu opanda magetsi kunyumba. Dzina loti kubena lidachokera m'nthawi ya ma CD, koma lidakhalabe ngakhale pamene makasitomala adayamba kubwera ndi memori khadi kapena fulashi. Munthu ankatchula oyimba omwe akufuna, kaya Lucius Banda, kaya Black Missionaries, kaya makwaya, n'kulipira kangachepe. Wobenayo ankasanja nyimbo m'mafoda: zauzimu, zam'dziko muno, za ku Zambia, za ku Nigeria. Mafilimu a ku China ndi ku India omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a pa kompyuta ankadutsiranso pomwepo asanafike m'mavidiyo sho.

Kuchoka pakashopupo, ntchito yotsala inali ya Bluetooth. Wobenetsa mmodzi ankagawira anzake pa siteji ya kabaza, pabawo, posewera pulu kapena pamzere wa madzi pa kiyosiki. Mawu anali odziwika: “Aise, yatsa Bluetooth, undiponyereko ija.” Wolandira ankatchula dzina la foni yake, lomwe nthawi zambiri linali la ku mpira kapena lodzitamandira, ndipo pa mafoni akale onse awiri ankalemba manambala ofanana, monga 0000 kapena 1234, kuti mafoniwo adziwane. Nyimbo imodzi inkatenga mphindi imodzi kapena kuposerako. Filimu yathunthu inkafuna ola ndi kupitirira, batire n'kuthera panjira, choncho mafilimu ankayenda mochita kubwerekana memori khadi. Kompyuta ya wobena inali ngati chitsime chimodzi cha mudzi wonse, ndipo matenda ake ankagwiranso mudzi wonse: vayirasi yobisa mafoda ikalowa m'menemo, makhadi ambiri ankabwerera kwawo akuoneka opanda kanthu.

Amene adalira ndi oyimba. Msika wa makaseti ndi ma CD udagwa, popeza chimbale chotuluka m'mawa chinkapezeka m'mafoni madzulo ake. Bungwe la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989 loteteza eni luso, lidasankha kupereka ziphaso kwa obena kuti azilipira kenakake, ndipo lamulolo lidakonzedwanso mu 2016. Koma chiphaso chimagwira wokhala ndi shopu. Anthu awiri oponyerana nyimbo pansi pa mtengo palibe angawalembe m'kaundula. Oyimba achinyamata adaiona nkhaniyi mwina: ambiri ankapereka okha nyimbo zawo kwa obena kuti zimveke, phindu n'kumaliyembekezera pa zoimbaimba.

Kugawana intaneti yeniyeniyo kudabwera mochedwa. Netiweki ya 3G itayamba cha m'ma 2009 ndi 2010, ophunzira ndi ogwira ntchito m'maofesi okhala ndi laputopu ankagula dongo yolowetsa simu khadi, ndipo ena ankalumikiza laputopu ku foni kudzera pa Bluetooth. Njirayi inali yochedwa ndipo inkathandiza munthu mmodzi. Mafoni a Android, omwe kuyambira 2010 adali ndi hotspot, adalola foni imodzi kugawira intaneti zipangizo zingapo pa Wi-Fi. Mafoni a Tecno ndi itel atachuluka, mapulogalamu a Xender ndi SHAREit adatenga malo a Bluetooth pa katundu wolemera. Mapulogalamuwa amagwiritsa ntchito Wi-Fi pakati pa mafoni awiri popanda intaneti, moti filimu yomwe kale inkadya ola imadutsa m'mphindi zochepa. Ngakhale WhatsApp yeniyeniyo anthu ambiri adailandira kuchokera pa foni ya mnzawo, osati pa Play Store.

Mtengo wa data ndiwo udalimbitsa mwambo wogawanawu. Mu 2015 boma lidaika msonkho wa 10 peresenti pa data ndi mauthenga a SMS, pamwamba pa VAT ya 16.5 peresenti. Madandaulo adakula mpaka mu 2020, pamene kampeni ya Data Must Fall idamveka kwambiri ndipo Airtel ndi TNM adatsitsa ina mwa mitengo yawo. Pa nthawi yonseyi nzeru inali yakuti mmodzi akoke pa intaneti, enawo alandire kwaulere, kaya ndi ulaliki, mapepala a mayeso akale a MSCE, kapena kanema wa zigoli za Bullets ndi Wanderers.

Komabe hotspot siyifanana ndi Bluetooth pa chinthu chimodzi. Woponyera mnzake nyimbo amatsala nayo nyimboyo, pomwe woyatsira mnzake hotspot bandulo yake imatha. N'chifukwa chake kugawana kwamtunduwu kudabwera ndi malamulo ake: pasiwedi amalemba mwini foni yekha, amaisintha mlendo akachoka, ndipo wopempha amalonjeza kuti angoona WhatsApp, sakhudza TikTok. Pa mapuloti a lendi, pomwe mabanja angapo amakhala khoma limodzi, ena amasonkherana kugula bandulo imodzi ya pa kachipangizo kogawira Wi-Fi kotchedwa MiFi, popeza mafunde ake amadutsa chipupa cha zidina mosavuta.

Lero nyimbo zatsopano zambiri zimafika kudzera m'magulu a WhatsApp, ndipo obena atsamira pa mafilimu a zigawo zambiri, kutchaja mafoni ndi kuikira anthu mapulogalamu. Bluetooth idakalipo pa mafoni a mabatani, koma ntchito yake yaikulu tsopano ndi kulumikiza foni ku masipika otchaja omwe amalira m'mabala, m'malo ometera ndi pa njinga za kabaza.