Cibwenzi m'mabuku athu, kucokera kwa Nthondo kufika lero

Tsiku lina ndili kufuna cikalata m'sutikesi ya azakhali anga kuno ku Vubwi, ndinapeza kabuku kopanda cikuto. Masamba ake anali atafiira, ndipo patsamba loyamba panali maina a atsikana asanu ndi mmodzi, aliyense ndi kalembedwe kake. Azakhali anaseka nati, "Iwe mwana, kameneko kanazungulira dometori yonse. Tinali kukawerenga ndi tochi titafunda bulangeti." Kanali kabuku ka cikondi. Kucokera tsikulo ndakhala ndikufunsa kuti kodi makolo athu anali kuwerenga zotani pa nkhani ya cibwenzi, nanga anali kuwalembera ndani.

Mabuku asanabwere, mnyamata akasinkhuka anali kugona ku mphala, mtsikana ku kuka kwa agogo ake. Za cikondi anali kuzimvera kumeneko, m'nthano za madzulo ndiponso ku cinamwali. Mnyamata akakonda mtsikana anali kupereka cikole, ndipo nkhani inali kupita kwa atsibweni ndi ankhoswe. Cikondi ca anthu awiri cinali nkhani ya mabanja awiri.

Mu 1933 mphunzitsi wa pa mishoni ya Nkhoma ku Nyasaland, Samuel Josiah Ntara, anapambana mpikisano wolemba mabuku m'zinenero za mu Africa umene bungwe lina la ku London linakonza. Buku lake ndi Nthondo, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Cingelezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Nthondo ndi mnyamata wosamva ndi wakuba, amene apita kukafuna nchito kutali, abwerako, alowa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima. Za ukwati zilimo ndithu, koma diso la wolemba lili pa funso lakuti kodi mwana wopulupudzayu adzawongoka. Mabuku ambiri amene anabwera pambuyo pake anatsata njira yomweyo.

Cifukwa cake n'cosabisika. Osindikiza anali amishoni ndi boma, ndipo ogula aakulu anali masukulu. Mu 1948 boma linakhazikitsa ku Lusaka bungwe lothandiza kusindikiza mabuku a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo nkhani zambiri za m'Cinyanja zinatulukira kumeneko. Buku lolowa m'kalasi linayenera kukhala ndi phunziro. Taonani dzina la buku la Jacob Zulu, Zomfula Mkazi Wacimasomaso: mlandu waweruzidwa kale pa cikuto, musanatsegule n'komwe! Ku Malawi John Gwengwe analemba Kukula ndi Mwambo m'zaka za m'ma 1960. Sindikunyoza ai. Cinyanja ca m'mabuku amenewa n'cokoma, ndipo ine ndimacita naco nsanje. Koma wolankhula m'menemo kawirikawiri ndi munthu wamkulu, pamene mnyamata ndi mtsikana ali pa mphasa kumva uphungu. Ngakhale Julius Chongo, amene anaseketsa dziko lonse ndi Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, anali kukamba ngati mkulu pakati pa ana.

Zinthu zinasintha mu 1977 pamene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa timabuku tochedwa Pacesetters. Tinatuluka toposa 100, tolembedwa ndi anthu a mu Africa, m'Cingelezi cosavuta, tating'ono totheka kubisa pakati pa buku la masamu. Mabuku a cikondi a Mills & Boon analipo kale, koma anthu ake anali azungu a kutsidya kwa nyanja. M'timabuku tatsopanoti munali mayina onga athu ndi mabvuto onga athu. Helen Ovbiagele wa ku Nigeria analemba Evbu My Love. Dede Kamkondo wa ku Malawi analemba Truth Will Out. Kamene ndinakapeza m'sutikesi kaja kanali For Mbatha and Rabeka ka David Maillu wa ku Kenya, ka mu 1980. Mbatha ndi mphunzitsi wa kumudzi amene anakula pamodzi ndi Rabeka, ndipo ali kusunga ndalama pang'onopang'ono kuti amukwatire. Kenaka kutulukira mwamuna wa m'tauni wa thumba lolemera. Azakhali akuti atsikana anakangana za Rabeka kwa sabata yathunthu, ena kumuikira kumbuyo, ena kumutukwana. Apa wowerenga anapatsidwa danga loweruza yekha, ndipo ndikhulupirira kuti ndico cifukwa kabukuko kanatha cikuto.

Koma timabuku timeneti tinali ndi malire ake. Tinali m'Cingelezi, ndiye kuti mtsikana amene analekera sukulu ku pulaimale sanatione. Zambiri zinali kucitika ku Lagos kapena ku Nairobi, pakati pa anthu ogwira nchito, a magalimoto. M'zaka za m'ma 1980 ku Malawi kunatuluka nkhani za m'cinenero cathu zokamba za moyo wa masiku amenewo, monga Madzi Akatayika la Willie Zingani ndi Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba, koma mumve maina akewo: cenjezo lija likadalipo. Ndipo cenjezo linakula pamene AIDS inafika. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anaulula poyera kuti mwana wao Masuzgo anamwalira ndi matendawa, ndipo m'masukulu munayamba magulu olimbana ndi AIDS. Masewero a acinyamata a nthawi imeneyo ambiri anali kuthera ku manda.

Pali cinthu cimodzi cimene ndacifuna m'mabuku onsewa osacipeza mokwanira. M'cinenero cathu ubwenzi ndi cibwenzi zisiyana pang'ono cabe pakamwa, ndipo m'mabuku mnyamata ndi mtsikana akangoyendera limodzi, wolemba athamangira ku cibwenzi, kenaka ku mimba. Ubwenzi wamba, wa ana awiri ogawana cimanga cokazinga panjira ya kusukulu, wobwerekana njinga ndi manotsi, sunapatsidwe malo. Ngakhale cinjira, ubwenzi wa atsikana awiri umene agogo athu anali kuulemekeza ndi mphatso, sicioneka kwenikweni.

Nkhani ya mimba nayonso siinakhale monga inalili. M'nkhani zakale mtsikana akatenga pakati, sukulu yathera pomwepo, ndipo buku nalonso latsala pang'ono kutha. Kuyambira mu 1997 boma la Zambia limalola mtsikana wotere kubwerera m'kalasi akabereka, ndipo mu December 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 asakwatiwe kapena kukwatira, ngakhale mwamwambo. M'gulu lathu la acinyamata muli mtsikana amene anabwerera kusukulu mwana atayamba kukwawa. Miyezi yonse imene iye anali kunyumba, mnzake wa m'kalasi, mnyamata amene sanali cibwenzi cake, anali kumukopera manotsi ndi kukawasiya kwa amai ake Loweruka lililonse. Anthu a m'mudzi anamunena mnyamatayo kuti mwanayo ndi wake. Iye anamva, koma sanaleke kupita ndi makope aja.