Mlandu wa Chitsime cha Macondo

Agogo anga aamuna adali nduna ya mfumu, ndipo ndili mwana ndinkakonda kukhala kumbuyo kwa bwalo kumvetsera milandu ya ng'ombe zodya chimanga cha eni. Funso lawo loyamba silinkasintha: kodi chingwe chidachita kuduka, kapena mwini ng'ombe sadamange n'komwe? Chimanga chodyedwacho n'chimodzimodzi, koma dipo lake limasiyana. Ndidakumbukira funso limeneli powerenga mbiri ya mlandu wa kampani ya BP, pakuti kwa zaka zinayi maloya a ku America adalimbana pa funso lomweli, kungoti ng'ombe yake idali chitsime cha mafuta pansi pa nyanja.

Usiku wa pa 20 April 2010, nsanja yoyandama yokumbira mafuta yotchedwa Deepwater Horizon idaphulika pa nyanja ya Gulf of Mexico, makilomita ngati 66 kuchokera ku gombe la Louisiana. Pansanjapo padali anthu 126. Anthu 11 adafa, ndipo mitembo yawo sidapezeke. Nsanjayo idamira pa 22 April, kusiya chitsime chimene inkakumba, chotchedwa Macondo, chili kukamwa yasa pansi pa madzi akuya mamita 1,500. Chidalavula mafuta masiku 87, mpaka pa 15 July pamene adatha kuchivundikira.

Kuti timvetse chifukwa chake mlanduwu udatalika, tiyenera kudziwa kuti ng'ombeyi idali ndi abusa ambiri. Mwini wamkulu wa chitsime adali BP, kampani ya ku Britain. Nsanja ndi antchito ambiri adali a Transocean, ngakhale nsanjayo idalembetsedwa ku zilumba za Marshall Islands, kutali ku Pacific. Omata chitsime ndi simenti adali a Halliburton. Mu May 2010 akuluakulu a makampani atatuwa adaitanidwa ku nyumba ya malamulo ku Washington, ndipo aliyense adaloza chala mnzake, uku mafuta akutulukabe.

Zimene zidaululika pambuyo pake n'zimene ine zimandisautsa. Ntchito pa Macondo idachedwa ndi masabata asanu ndi limodzi, ndipo idapyola bajeti ndi madola 58 miliyoni. Tsiku lililonse lochedwa lidali ndalama. Tsono paliponse pamene padali njira ziwiri, yochedwa koma yotsimikizika ndi yachidule, a BP ankatsata yachidule. Injiniya wa Halliburton adalangiza kuti paikidwe zitsulo 21 zogwira paipi kuti ikhale pakatikati pa dzenje, simenti izungulire bwino, adaikapo 6. Akatswiri a kampani ya Schlumberger amene akadayeza ngati simenti yagwira adali kale pansanja, koma adabwezedwa kumtunda m'mawa wa tsiku lomwelo osagwira ntchitoyo. Simenti yake nayo idali italephera kale mayeso ena a Halliburton eni ake.

Madzulo adayesa chitsimecho. Kayesedwe kake n'kosavuta kumva: amachepetsa kulemera kwa madzi otsendereza m'chitsime, n'kuona ngati kanthu kakukankha kuchokera pansi. Ngati simenti yagwira, geji iyenera kukhala pa ziro. Geji ya paipi yaikulu idaloza 1,400. Ya paipi ina yaing'ono idaloza ziro. Mboni ziwiri zidatsutsana, ndipo akapitawo adakhulupirira yowauza zimene mtima wawo unkafuna. Patatsala pafupifupi ola limodzi kuti moto ubuke, kapitawo wa BP adalankhula pa telefoni ndi injiniya wa ku Houston, amene adamuuza kuti manambala awiriwo sangayendere limodzi. Palibe amene adalamula kuti ntchito iime, ayesenso. Tsiku lomwelo mabwana a BP ndi Transocean adali atafika pansanjapo, mwa zina kudzayamika antchito pokwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri popanda ngozi yaikulu.

Pali kanthu kena kamene ndikadaseka nako pakadapanda maliro. Kampani isanakumbe imapereka ku boma buku lolongosola mmene idzachitire mafuta akatayika. Buku la BP la mu 2009 lidatchula walrus, chinyama cha m'madzi oundana a kumpoto kwenikweni kwa dziko, pa mndandanda wa nyama zofunika kuziteteza m'nyanja yofunda ya Gulf of Mexico. Lidatchulanso katswiri woti adzamuitane pa ngozi, munthu amene adamwalira mu 2005. Ife aphunzitsi timaidziwa ntchito yokopera tikaiona. Koma ofesi ya boma yoyang'anira za migodi ya m'nyanja idalivomereza bukulo, ndipo ngoziyo itachitika ofesiyo idathetsedwa.

Poyamba kudalengezedwa kuti pakutayika migolo 1,000 pa tsiku, kenaka 5,000. Zoona zake zidali migolo yoposa 50,000. Wina angafunse kuti kuchepetsa nambala kukadawathandiza chiyani. Yankho lili m'lamulo la ku America loteteza madzi: chindapusa chimawerengedwa pa mgolo, ndipo mu 2010 chinkatha kufika madola 1,100 pa mgolo ngati kulakwako n'kwa wamba, koma madola 4,300 ngati n'kunyalanyaza koonjeza. Apa ndi pamene funso la agogo lidasanduka mabiliyoni. Panthawiyi asodzi a nkhanu ndi nsomba a ku Louisiana, ambiri mwa iwo ochokera ku Vietnam, adali atakocheza mabwato awo, ndipo mkulu wa BP, Tony Hayward, adauza atolankhani kuti iyenso akufuna moyo wake ubwerere mwakale. Adatula udindo chaka chomwecho.

Akulu amati mlandu suwola. Mu November 2012 BP idavomera milandu 14, kuphatikizapo 11 ya kupha anthu mosafuna ndi umodzi wa kusocheretsa nyumba ya malamulo pa kuchuluka kwa mafuta, ndipo idalipira madola 4 biliyoni. Mu 2013 Halliburton idavomera kuti idafafaniza umboni; chindapusa chake chidali madola 200,000. Pa 4 September 2014 woweruza Carl Barbier wa ku New Orleans adagamula kuti BP idanyalanyaza moonjeza, nagawa kulakwa motere: BP magawo 67 pa 100, Transocean 30, Halliburton 3. Mu 2016 bwalo lidavomereza mgwirizano woti BP ilipire boma ndi zigawo zisanu za m'mbali mwa nyanja madola 20.8 biliyoni.

Ndalama zimenezi si zocheza, ndipo sindikuvomerezana nawo anzanga amene amati BP sidalangidwe. Koma kampani ilibe msana woti n'kugona pa simenti ya m'ndende. Tikafunsa za anthu, tipeza kuti boma lidagwira akapitawo awiri a pansanja, Robert Kaluza ndi Donald Vidrine, ndipo milandu yawo ya kupha anthu idathetsedwa isanazengedwe. Vidrine adavomera mlandu waung'ono wa kuipitsa madzi, Kaluza adapezeka wosalakwa mu 2016. Mkulu mmodzi yekha wa pamwamba, David Rainey, ndiye adaimirira m'bwalo, naye adamasulidwa mu 2015. Palibe adalowa m'ndende. Tikumbukirenso kuti mu 2005 fakitale yoyenga mafuta ya BP ku Texas City idaphulika n'kupha anthu 15, ndipo pamenepo kampani idalipiranso chindapusa n'kulonjeza kusintha. Pamene boma lathu lidapereka chilolezo chofufuza mafuta pa nyanja ya Malawi kwa kampani ya Surestream mu 2011, ndidadzifunsa kuti ndi ofesi iti kwathu kuno imene ikadaiona walrus m'buku lija.

Ya Transocean ndiyo ndimalephera kuiiwala. Patangopita masabata atatu chichitikire ngoziyo, idapempha bwalo kuti ngongole yake isapyole madola 27 miliyoni, potsamira lamulo la mu 1851, lomwe lija eni ake a sitima ya Titanic adabisalamo. Ndipo mu 2011 idalembera eni masheya ake kuti, malinga ndi mawerengedwe ake, chaka cha 2010 chidali chopambana zaka zonse pa kupewa ngozi, niwapatsa mabwana ake bonasi. Anthu atakwiya, mabwana asanu adapereka gawo la bonasiyo ku thumba la mabanja a anthu 11 aja.