Kufunafuna bambo a agogo, msilikali wa Keyala

Anzanga a kalabu, agogo anga aakazi sanawaonepo bambo awo. Chomwe anamva kwa mayi awo n'chakuti bambowo ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi, kenako analembedwa usilikali mayiwo ali ndi pakati, basi osabwereranso. Chithunzi palibe, kalata palibe. Agogo akalamba, maso akuvuta, koma mpaka lero amafunsabe kuti: kodi anafa, kapena anangotitaya?

Nditamaliza mayeso a Fomu 4 ndinati ndiyeseko. Keyala imene akuluakulu amanena ija ndi KAR, King's African Rifles, ndipo likulu lake kuno kwathu linali ku Zomba. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuyambira 1939 mpaka 1945, anyamata a Nyasaland anafika kutali kwambiri. Mu 1940 anamenyana ndi Mataliyana ku Tug Argan, ku Somaliland. Mu 1942 anali ku Madagascar. Pofika 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, kulimbana ndi Majapani mvula ikukhuthuka, malungo nawonso osawasiya. Tangoganizani, munthu wochoka kwa Changata!

Bungwe la Commonwealth War Graves Commission linaika pa intaneti mayina a asilikali omwe anafa pa nkhondoyo. Pa chipilala cha ku manda a Taukkyan, kufupi ndi Yangon, pokha pali mayina pafupifupi 27,000 a anthu omwe manda awo sadziwika. Ndinatha bandulo usiku umodzi ndikusaka.

Chinandigwetsa ulesi ndi dzina. Makolo athu ambiri Achilhomwe anachokera ku Mozambique, nakhala m'maesiteti movutika ndi thangata. Munthu ankakhala ndi dzina lakwawo, lina lapantchito, ndiye kalaliki n'kulemba mmene khutu lake lamvera, nthawi zina dzina limodzi lokha. Ndinapeza mayina atatu ofanana ndi lomwe agogo amatchula. Ndikanatha kungosankhapo limodzi kuti mtima wawo ukhale pansi, koma kunamiza munthu wamkulu pa nkhani ya bambo ake ine sindingathe.

Chomwe chingasiyanitse atatuwa ndi nambala ya usilikali. Ndikusonkha ya thiransipoti kuti ndikafike ku National Archives ku Zomba. Pakadali pano, ngati kwanu kuli chikalata chakale cha Keyala, kapena gogo wokumbukira anyamata omwe ananyamuka limodzi kuchokera kuno, chonde ndipezeni Loweruka tikakumana.